Kumene Achimwene Amakumba

Matope aja anabwera m'chitini cha khofi, Lachiwiri lina mu Meyi. Ndinali kutsuka timbale mu labotale pamene chitseko chinakankhidwa ndi phazi, achimwene anga a Merrill n'kulowa ndi majombo awo ofika m'ntchafu, madzi ali chuchuchu.

"Iii, achimwene, pansi pano ndakolopa!"

"Mukolopanso, a Dokotala. Si ndiye ntchito munakhalira kusukulu zaka khumi?" Anaika chitinicho patebulo. "Tanunkhiza, iwe."

A Merrill ndi aakulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anayamba kukumba nyongolotsi za nyambo m'matope a gombe lathu la Maine ali ndi zaka khumi ndi zitatu, monga ankachitira bambo athu. Nyanja ikaphwa iwo ali weramu ndi khasu lawo la mano, ikayamba kubwerera amanyamula ndowa n'kukagulitsa. Ine ndine Corliss, mlongo wawo amene ndinathawa khasu n'kukaphunzira za tizilombo tosaoneka ndi maso. Mapeto ake ndinabwereranso kumatope komweko, pa kakoleji kakang'ono kamene kali ulendo wa mphindi makumi anayi kuchokera kwathu.

Matopewo anali akuda ngati ena onse, koma munali timizere tofiirira ngati dzimbiri. Fungo lake silinali la dzira lovunda lija tinalizolowera. Ankanunkha ngati chitsulo chonyowa.

"Mwawatenga kuti?"

"Pansi."

"Pansi pa kuti?"

"Pansi pa madzi, madziwo atachoka." Anaseka, natola bisiketi m'mbale yanga, n'kutuluka.

Ndinasungunula pang'ono, n'kupaka pa timbale ta chakudya cha mabakiteriya, n'kutiika mozizira. Otsalawo ndinataya, poti matope kuno sasowa. Patatha milungu itatu, pakati pa timadontho toyera ndi tachikasu timene ndimationa chaka chilichonse, panali tina tating'ono ngati nsonga ya singano, tofiirira. Ndinatipatula n'kutibzala patokha, kenaka ndinapereka pang'ono kwa Delphine Ouellette, mnzanga wa chipinda choyandikana, amene ntchito yake ndi kuwerenga DNA.

Delphine ndi mayi wamfupi, wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Lachisanu lotsatira analowa osagogoda.

"Corliss, khala pansi."

"Ndakhala kale."

"Ndiye imirira, kuti ukhalenso." Anandiponyera pepala. "Kachilombo kako ndakafanizira ndi onse amene ali m'kaundula. Wachibale wake wapafupi akufanana naye magawo makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi limodzi pa zana. Basi. Palibenso wina."

Anthu a ntchito yathu akudziwa tanthauzo lake. Kufananako kukafika pafupi ndi zana, ndiye kuti kachilombo kako anakapeza kale ena, iwe ungoika mufiriji n'kuiwala. Kukatsika chonchi, mwina wagwira mtundu umene sunalembedwe ndi munthu aliyense.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhalenso pampando ola lathunthu. Ndinali ngati nkhuku yofuna kuikira. Ndinali ndi zaka makumi anayi kudza zinayi, ntchito yanga yonse ndikuphunzitsa ana ndi kuthandiza pa kafukufuku wa eni, ndipo ndinali ndisanatchepo kanthu dzina. Tsopano ndimayesa kachilomboka m'kutentha kosiyanasiyana, mu mchere wambiri ndi wochepa, pa shuga uyu ndi uyo. Pa makina okulitsa zinthu kankaoneka ngati timitengo ta machesi tothyokathyoka, tosayenda. Ndikamadya ndimaganiza za timbale, ndikafika kunyumba ndimabwereranso kukaona ngati ndatseka firiji.

Lamulo lake n'lakuti sungatche mtundu watsopano dzina usanautumize wamoyo ku nkhokwe ziwiri za tizilombo, m'maiko awiri osiyana, kuti wofuna kutsutsa akautenge akayese yekha. Ndinatumiza ku Ulaya ndi ku Asia mu Julayi. Mu Ogasiti onse anayankha mwaulemu zinthu zofanana: zimene munatumiza sizinamere.

Ndinathamangira kufiriji yathu, ndinatulutsa botolo limodzi la timene ndinatisunga muchisanu, n'kubzala. Phee. Botolo lachiwiri, phee. Tizilombo tonse tinali titafa. Ndinatsala ndi timbale tamoyo tokha, ndipo nditationa bwino ndinazindikira vuto lina. Ulendo uliwonse ndikasamutsira pambale yatsopano, timadontho timachepa. Poyamba tinali tosawerengeka. Kenaka makumi anayi. Tsopano khumi ndi kamodzi.

"Kakusowa kwawo aka," anatero Delphine, akusuzumira m'mbale. "Muli kanthu m'matope muja kamene iwe sukukapatsa. Pambale yoyamba kanadya zimene kanabwera nazo. Matopewo atsalako?"

"Ndinataya."

"Ambuye! Imbira achimwene ako."

Ndinawaimbira. Patapita masiku atatu anabweretsa chitini china, chimene chinakhala kumbuyo kwa pikapu padzuwa theka la tsiku. Nditatsegula, fungo la dzira lovunda linandiwomba.

"Awa si amenewo, achimwene."

"Matope ndi matope."

"Timizere tofiira tili kuti?"

Anakanda kumbuyo kwa khosi. Malo ajawo, anatero, saoneka tsiku lililonse. Amavundukuka pamene nyanja yaphwa kwambiri, mwezi ukakhala wathunthu, mwina kanayi kapena kasanu pachaka. Tsiku lotsatira lotere linali pakati pa Seputembala.

"Ndiye ndipita nanu. Ndikufunika kuyeza madzi a pomwepo, kutenga matope ozama osalowa mpweya, ndiponso kulemba malowo."

"Kulemba chiyani?"

"Malo. Pepala lofotokoza mtundu watsopano limanena kumene unapezeka, ndi manambala ake a pamapu."

"Ndiye tsalani bwino, a Dokotala."

Zimene ndinachita sabata yotsatira ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Ndinaganiza kuti mwina akundinamiza za mwezi, choncho m'mawa wina ndinabisala ndi galimoto kuseri kwa tchalitchi, pikapu yawo itadutsa ndinayamba kuilondola. Anakhotera kumsewu wa kumtaya wa zinyalala, ine pambuyo. Anazungulira sukulu, ine pambuyo. Anadutsa pamanda, n'kubwereranso kumtaya kuja. Kenaka anaima pa kasitolo ka madonasi, analowa, n'kutuluka ndi awiri papepala. Anabwera molunjika pazenera langa.

"Galimoto yako ndi yachikasu, Corliss. Yachikasu! Ngakhale nkhanu zakuona. Landira, ukazitape umapweteketsa njala."

Ndinatuluka m'galimoto. "Mukuseka, koma kachilombo kaja kakufa. Ntchito ya miyezi inayi!"

"Yanga ndi ya zaka makumi atatu kudza zisanu ndi zitatu." Kuseka kunawathera. "Ukudziwa zimene zinachitika pamene ndinaonetsa munthu mmodzi malo anga akale? Mmodzi yekha, mnzanga wa pamtima. Sabata isanathe panali mapikapu khumi ndi anayi. Anatembenuza paliponse ngati nguluwe. Zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi kuti nyongolotsi zibwerere. Awa ndi malo amene amatidyetsa ine ndi alamu ako nyengo ikavuta. Ndiye iwe ukufuna uwalembe m'buku, manambala ndi zonse."

"Aaa, achimwene, ndi wokumba nyongolotsi uti amene amawerenga magazini a sayansi?"

Mawu atatuluka ndinafuna kuwagwira, koma anali atafika kale.

"Zoona. Ife ndi mbuli." Anaika madonasi aja padenga la galimoto yanga, n'kupita.

Milungu iwiri sanayankhe foni. Ine ndinayesa zonse zimene ndimazidziwa. Ndinathira mavitamini, ndinathira madzi a ndere, ndinachepetsa chakudya, ndinachulutsa. Ndinakatunga matope m'malo asanu osiyana, n'kuwaphika, n'kusefa msuzi wake. Ana a m'kalasi mwanga anayamba kundifunsa ngati ndikudwala, chifukwa ndinkasiya chiganizo pakati n'kumayang'ana kukhomo. Delphine ankandibisira makiyi a chipinda chozizira.

"Ukatsegulatsegula sikakula msanga, mayi iwe. Kadye."

Nditasamutsanso pa Seputembala 9, panamera timadontho tinayi.

Ndinaika mbaleyo m'bokosi la ayezi, n'kuyendetsa galimoto kupita kwa a Merrill. Ndinawapeza m'shedi kuseri kwa nyumba, akutsuka nyongolotsi za tsikulo m'mathireyi amatabwa. Sanadzutse mutu.

"Achimwene, ndinalankhula zopusa. Pepani."

"Mmm."

"Sindinabwere kudzakukakamizani. Ndikufuna mungoona." Ndinatsegula bokosi n'kuwapatsa mbale ija. Anapukuta manja pa thalauza, anaikweza kuwindo, maso ali tsinzinu.

"Tili kuti?"

"Apo. Tinayi."

"Timeneti? Ndimayesa fumbi." Anaitembenuza. "Ndiye tonse n'timeneti?"

"Kunja kwa matope anu, padziko lonse n'timeneti."

Anaiyang'ananso. "Umatipatsa madzi anji?"

"A m'nyanja. Osefa bwinobwino."

"A padoko?"

"Eya."

Anapukusa mutu ngati mmene ankachitira bambo tikamanga mfundo molakwika. "Nyongolotsi za pamalo paja ndikaziika m'madzi a padoko zimafewa tsiku lomwelo. Ndimachita kutunga a pomwepo. Pali kasupe, amatuluka pansi pa thanthwe. Ozizira moti mano amauma, ndipo ukalawa alibe mchere kwenikweni. Miyala yonse yozungulira ndi yofiira."

Ndinali nditayesa kuchepetsa mchere, inde, koma ndi madzi a pampopi wa labotale, oyera, opanda kalikonse. Miyala yofiira ndi chitsulo chosungunuka m'madzi.

"Bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Iwe umangofuna manambala." Anandibwezera mbale. "Lachinayi, kukacha. Foni usiye kunyumba. Ndi kawotchi kako kanzeru ako."

Lachinayi kunali nkhungu yoti ukatambasula dzanja zala suziona bwino. Tinakwera kabwato kawo ka injini, ine ndi machubu anga ndi mabotolo, iwo ndi khasu ndi ndowa.

"Ndikumange kumaso?" anafunsa.

"Mulungu wandimanga kale."

Komabe ndinakulira pagombe limeneli. Titadutsa chizindikiro choyandama chokhala ndi belu, n'kukhota kumanzere pamene mafunde amasintha kalankhulidwe, ndinadziwa kumene tikupita. Iwonso anadziwa kuti ndadziwa.

Tinasiya bwato pamwala, n'kuyamba kuyenda. Ndinali nditaiwala kuyenda m'matope. Phazi likalowa, uyenera kulipotoza chidendene chisanagwidwe, ndipo usaime. Ine ndinaima kuti ndikonze chikwama, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo. Pofuna kuzula ndinagwa chagada, thapsa!

"Madigiri atatu," anatero a Merrill akundikoka m'khwapa, "koma kuyenda kumene kukukanika."

"Kokani, osalalikira."

Malowo anali aang'ono, ngati bwalo la nyumba. Kuseri kwa thanthwe lakuda kunkatuluka madzi oyera, akuyenderera pamatope, ndipo paliponse pamene adutsa panali pofiirira. Ndinagwada pomwepo. Kachipangizo koyezera kanaonetsa kuti mchere ndi theka la wa m'nyanja. Madziwo anali ozizira moti zala zinachita dzanzi ndisanadzaze botolo lachiwiri.

"Uli ndi mphindi makumi anayi," anatero, ali kale weramu. Khasu lawo linkalowa, n'kutembenuza, dzanja n'kutola, osaphonya. Nyongolotsi zake zinali zonenepa ngati chala, zina zotalika kuposa chikhatho.

Ndinakhoma machubu m'matope, kutseka, kulemba, kuika mu ayezi. Asanu ndi limodzi. Ndinadzaza mabotolo khumi. Ndinafuna chubu china cha pafupi ndi kasupe penipeni, koma chinagunda mwala, ndinachizula n'kuyesa pena.

"Corliss, tiye."

"Chimodzi chokha."

"Corliss!"

Nditacheuka, njira imene tinadzera inali itasanduka mtsinje. Nyanja kuno sibwera ndi phokoso, imangodzaza m'makwawa mwakachetechete n'kukuzungulira. A Merrill anandilanda bokosi n'kulisenza paphewa, ndowa kudzanja lina.

"Gwira lamba wanga. Ukaima ndikusiya, ndikapulumutse tizilombo tako."

Tinawoloka madzi ali m'ntchafu, kenaka m'chiuno, majombo atadzaza, ine ndikupuma ngati galu. Titagwera m'bwato ananditukwana mawu amene sindingawalembe pano, kenaka anandipatsa fulasiki ya khofi.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinasefa madzi a kasupe, n'kuphika nawo chakudya chatsopano. Pa timadontho tinayi tija ndinatenga tiwiri, tiwiri ndinasiya kuti mwina ndalakwitsanso. Kenaka kudikira. Tsiku lachitatu, palibe. Tsiku lachisanu, palibe. Ndinakonza makabati onse a mu labotale, ndinatsuka ngakhale mabotolo oyera kale. Tsiku lachisanu ndi chinayi Delphine ndiye anatsegula chitseko cha chipinda chozizira, poti ine manja anakana.

Anatuluka atanyamula mbale m'mwamba ngati wansembe. Inali psuu, timadontho tothithikana mpaka m'mphepete.

"Taonani kususuka! Miyezi yonseyi kamangofuna dzimbiri."

Titayeza bwino tinapeza kuti n'zoona, kamafuna chitsulo chambiri ndi mchere wochepa, zonse pamodzi. Tinaphunzira kupanga madzi otero tokha. Timene tinasunga muchisanu ulendo uno tinadzuka. Ndinatumizanso ku nkhokwe ziwiri zija pamodzi ndi malangizo a kaphikidwe, ndipo mu Disembala makalata onse awiri anabwera ndi manambala a kaundula. Delphine anawerenga DNA yake yonse, n'kutsimikiza kuti ndi mtundu wakewake m'banja lodziwika kale la tizilombo ta m'matope.

Panatsala mzere umodzi m'pepala lathu, wonena za malo. Ndinalemba dzina la gombe lonse, limene ndi lalitali makilomita makumi atatu, n'kufotokoza za kasupe, mchere ndi kuzizira. Manambala ndinaika ongoyerekeza dera, osaloza malo. Mmodzi wa akatswiri ounika pepalalo anabweza ndi funso: malo enieni ndi ati?

"Ingolemba manambala a padoko," anatero Delphine. "Ndani adzabwere kuchokera kutali kudzayeza?"

"Limenelo ndi bodza."

"Ndiye lemba enieniwo. Ukuwadziwa, usandinamize."

"Ndikuwadziwa."

Ndinayenda m'khonde la koleji uku ndi uku mpaka mlonda anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndikalemba enieni, mwina palibe wokumba amene angawaone, mwinanso mmodzi angawaone. Ndikakana, pepala likhoza kukanidwa, ndipo mitundu yotere ena amaipeza kwina chaka chilichonse n'kuitcha maina awo. Pomaliza ndinalembera mkonzi wa magaziniyo zoona zokhazokha: kuti malowo ndi pamene munthu wina amapezera chakudya, kuti anandionetsa pondikhulupirira, kuti kachilomboko kali m'nkhokwe ziwiri ndipo aliyense angakatenge, koma manambala enieni sindipereka.

Mkonzi anakhala chete milungu isanu. Ndinkatsegula makalata a pakompyuta ndisanatsuke m'kamwa. Ndinayamba kuluma zikhadabo, chizolowezi chimene ndinasiya ndili mtsikana. Yankho litabwera linali la mizere iwiri: avomera, bola tilembe chifukwa chake m'munsi mwa tsamba.

Za dzina tinakangananso. Ndinkafuna kukatcha dzina la a Merrill.

"Dzina langa pa kachilombo? Kuti anzanga kudoko azinditcha matenda? Usayerekeze."

Choncho ndinasankha liwu la Chilatini lotanthauza "ka wokumba", osatchula kuti wokumbayo ndani.

Pepala linatuluka mu Epulo. Ndinasindikiza limodzi n'kupita nalo kwawo Lamlungu masana. Alamu anga a Lorna anali ataphika supu ya nsomba ndi mbatata, ndipo patebulo panalinso msuweni wathu Arlene ndi mwamuna wake Gus, amene chiyambire Khirisimasi ankati akufuna ntchito koma sanachoke pampando wa pafupi ndi mbaula. A Merrill anavala magalasi a akazi awo, natsegula tsamba lomaliza pamene pali kufotokoza kwa mtunduwo, n'kundiuza kuti ndiziwamasulira mawu ovuta.

"Apa akuti chiyani?"

"Kuti sikayenda kokha."

"Apa?"

"Kamakula pang'onopang'ono. Sikapirira kutentha, sikapiriranso kuzizira kwambiri."

"Apa?"

"Kamasankha zakudya. Zambiri zimene tinakapatsa kanakana."

Anavula magalasi, natembenukira kwa Gus kumbaula. "Alamu, bwanji simunanene kuti mwalowa m'buku?"

Arlene anatsamwa ndi supu. Gus anati sanamve, tibwereze. A Lorna anamenya a Merrill ndi kansalu ka mbale, iwo akuseka mpaka kutsokomola, ndipo Gus, poona kuti onse akuseka, anayamba kuseka nawo n'kupempha kuti amuonjezere mbatata.